Mashiti akutha m'mawodi: tipemphe atsopano kapena vuto lili pena?

Woyang'anira ntchito zothandizira pa chipatala china cha boma mu Lusaka:

Anzanga a ntchito, ndakupatsani moni nonse. Pa chipatala chathu mashiti ndi mabulangete achepa kwambiri, makamaka ku wodi ya amayi oyembekezera, moti Lachiwiri lapitali ndinapeza mayi amene anali atangochira kumene atagona pa matiresi, atangoyalapo chitenje chimene anabwera nacho kuchokera kunyumba. Mtima unandipweteka. Makina athu ochapira amayenda pokhapokha magetsi alipo, chifukwa jenereta timaisungira chipinda cha opaleshoni, mafiriji a katemera ndi magazi, ndiponso makina a okosijeni. Vutoli linakula mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo mpaka lero sitinabwerere mwakale. Kodi ndilembe kalata ku ofesi ya zaumoyo ya chigawo kupempha mashiti atsopano, kapena alipo amene anapeza njira ina?

Woyang'anira chipinda chochapira:

Bambo, musanalembe kalatayo, yambani mwawerenga zimene muli nazo. Ifenso tinkaganiza kuti mashiti akutha chifukwa chong'ambika, koma titayamba kulemba m'buku tinapeza kuti ambiri amatuluka pa geti ndi ambulansi. Mukudziwa kuti zipatala za m'makomboni monga Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata zimatumiza odwala kwambiri ku zipatala zazikulu za University Teaching Hospital (UTH) kapena Levy Mwanawasa. Wodwala amanyamulidwa atafunditsidwa shiti ndi bulangete, ndipo pa nthawi yotereyi aliyense maso amakhala pa moyo wa munthu, palibe amene amakumbuka nsalu. Kulakwa kunali kwathu, chifukwa nsaluzo zinalibe chizindikiro chilichonse.

Tinadinda dzina la chipatala ndi la wodi pa ngodya ya shiti lililonse ndi inki yosasuluka, ndipo namwino woperekeza wodwala amasaina potuluka ndi pobwerera, nsalu yakudayo ataiika m'thumba lomanga. Pa windo lathu timasinthanitsa: wobweretsa mashiti akuda khumi amalandira oyera khumi. Ine ndimaumirira kuti bedi lililonse likhale ndi mashiti osachepera atatu, lina pa bedi, lina kochapa, lina pa shelefu.

Katswiri wokonza makina:

Ndikuvomereza zimene anena amayiwa. Kumbali ya magetsi, chonde musayese kulumikiza makina ochapira ku jenereta, chifukwa chimene chimadya mphamvu kwambiri ndi chotenthetsera madzi ndi choumitsira zovala, ndipo dizilo adzatha tsiku limene chipinda cha opaleshoni chikumufuna. Komanso musachepetse kutentha pofuna kufulumira. Kuti tizilombo tife, madzi ayenera kufika madigiri 71 kwa mphindi zosachepera 3, kapena madigiri 65 kwa mphindi 10. Chimene chingathandize ndi kusintha nthawi ya ochapa kuti igwirizane ndi maola amene magetsi amakhalapo, ngakhale utakhala usiku, mutagwirizana bwino ndi ofesi yoona za antchito pa nkhani ya alawansi ndi mayendedwe awo. Pa maola omwewo pampu idzaze matanki, popeza makina opanda madzi ndi chimodzimodzi opanda magetsi. Kuumitsa kusiyireni dzuwa, pa zingwe zotchingidwa ndi mpanda.

Woona za ukhondo ndi kupewa matenda:

Bambo, ndiwonjezere chimodzi chimene ndachiona ndi maso anga. Kuyambira pamene kolera inabuka mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo othandizirapo odwala mu Januwale 2024, antchito athu ambiri anazolowera kuthira klorini wamphamvu pa chilichonse. Mantha awo ndi omveka, koma klorini wotere amadya nsalu, ndipo shiti latsopano limayamba kuboola pakangopita miyezi yochepa. Klorini wa 2 peresenti ndi wa chimbudzi ndi masanzi a wodwala, wa 0.2 peresenti ndi wa pansi ndi mabedi, ndipo wa 0.05 peresenti ndi wosambira m'manja. Lembani miyezo imeneyi pa zidebe zenizenizo, ndipo munthu mmodzi yekha pa shifiti ndiye azisungunula. Nsalu zamagazi zipatulidwe ku wodi komweko, zisamachapidwe pamanja ngakhale magetsi atazima.

Woyang'anira ntchito zothandizira:

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo ndinayenda wodi ndi wodi pamodzi ndi a sisita aakulu, ndipo m'kabati ina yokhoma tinapezamo mulu wa mashiti oyera amene anamwino a usiku ankasunga poopa kusowa choyala akalandira wodwala pakati pa usiku. Sindinawadzudzule, chifukwa ife ndife tinawasowetsa chodalira. Tagwirizana kuti wodi iliyonse izikhala ndi mashiti ake apadera osungira, olembedwa m'buku, ndipo chidindo ndaitanitsa kale. Nkhani ya nsalu za mu ambulansi ndikaipereka pa msonkhano wa oyang'anira zipatala, kuti tonse tizibwezerana. Mayi a ku chipinda chochapira, ndikupempha munditumizire chithunzi cha tsamba limodzi la buku lanulo, kuti Lolemba tiyambe kulemba mofanana.