Mapale otoledwa ku Mchinji: akutiuzanji za ubale wathu ndi anansi?

Mphunzitsi wa ku Mkanda, Mchinji

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ana a sukulu akhala akutola mapale m'mphepete mwa dambo pamene madzi anakokolola nthaka. Ena ndi okhuthala, a milomo yochindikala ndi mizere yakuya, pomwe ena ndi opyapyala, okhala ndi timadontho todinda mondondozana pakhosi. Kodi kusiyanaku kukutanthauza kuti kuno kunakhala mitundu iwiri ya anthu? Nanga n'chifukwa chiyani mbiya zathu zimafanana chonchi ndi za abale athu a ku Chipata?

A Phiri, Kasungu

Aphunzitsi, ofukula zakale amapatsa mtundu wa mbiya dzina la malo amene anayamba kuupeza. Mbiya zakale kwambiri m'chigawo chapakati ndi kumwera ndi za Nkope, dzina la gombe lina la ku Mangochi kumene K. R. Robinson anafukula, ndipo zinkaumbidwa kuyambira cha m'zaka za m'ma 300 ndi alimi oyamba odziwa kusungunula chitsulo. Zofanana nazo zinapezeka ku Kamnama, kum'mawa kwa Zambia kufupi ndi malire athu, ndipo wofukula zakale wina, David Phillipson, anaziika m'gulu lalikulu limene analitcha Chifumbaze, potengera malo ena a ku Mozambique. Mapale anu okhuthalawo akhoza kukhala a nthawi imeneyo.

Cha m'zaka za m'ma 1000 kaumbidwe kanasintha, ndipo kunafala mbiya zimene akatswiri amazitcha za Luangwa, zodindidwa timadontho pakhosi. Kaumbidwe kameneka kanapitirira pakati pa Achewa, Ansenga, Abisa ndi Abemba, choncho kufanana mukukuonako n'kwakale kwambiri kuposa malire a pa Mwami.

Anabanda, Santhe

Bambo Phiri afotokoza bwino za zaka, koma tisaiwale kuti woumba mbiya kwathu kuno ndi mayi. Ndiye amadziwa mtapo wa dothi labwino, amalisinja n'kuchotsamo timiyala, amaumba ndi manja popanda makina, amasalaza ndi chitsononkho cha chimanga, ndipo mbiya ikayamba kuuma amaikulungiza ndi nkhulungo mpaka kunyezimira, asanaiotche pamoto wa makungwa. Mwana wamkazi amaphunzira zonsezi atakhala pambali pa amayi ake kapena agogo ake, ndipo kapindidwe ka mlomo wa mtsuko, nkhali kapena mphika amakatengera komweko.

Apa ndi pamene chikamwini chikulowera. Popeza mwamuna ndiye ankasamuka, akazi a mbumba imodzi ankakhala pamudzi umodzi, ndipo kaumbidwe kawo kankakhazikika kwa mibadwo yambiri. Kakapezeka kutali, ine ndimaona kuti kunasamuka mudzi wonse pamodzi ndi amayi ake, kapena mkazi anapita ku chitengwa atatenga luso lake. Zimandiwawa kuti mapoto ndi zigubu zikuthetsa lusoli pamene oumba okalamba sanafunsidwe n'komwe zimene akudziwa.

Wophunzira mbiri, Kasungu

Ndikugwirizana nanu mayi, komabe tisafulumire kupatsa phale dzina la mtundu wa anthu, chifukwa mbiya zinkasinthanitsidwa ndi mchere, makasu kapena chakudya, ndipo zodinda timadontho zimapezekanso pa mbiya za Nkope. Umboni umalimba mapale akapezeka pamodzi ndi zinthu zina. Ku Mankhamba, likulu la a Kalonga kufupi ndi Mtakataka ku Dedza, wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mbiya zambirimbiri za mtundu wotchedwa Mawudzu pamodzi ndi mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China, zimene zikuonetsa kuti Amaravi ankachita malonda ofika kunyanja ya mchere.

Aphunzitsi, chonde anawo asakumbe, pakuti phale likachotsedwa pamalo pake zaka zake zimavuta kuzidziwa. Jambulani malowo, lembani pamene chilichonse chinatoledwa, dziwitsani a mfumu, kenako muuze a Dipatimenti ya Museums and Monuments ku Lilongwe kuti adzaone okha.