Sikelo zakale zoyezera zinthu m'madzi: madzi osunthidwa amayezedwa pati?

Nyenyezi77

Ndikupempha amene amadziwa bwino zipangizo zakale za sayansi kuti andithandize. Pa zithunzi za sikelo zotchedwa hydrostatic balance ndimaona kuti mbale imodzi ndi yokolekedwa m'mwamba kuposa inzake, kunsi kwake kuli kambedza, ndipo pansi pa kambedzako amaikapo tambula ya madzi. Amati sikeloyi imayeza madzi amene chinthu chasuntha pomira, koma sindikuona pamene madziwo amatayikira kapena pamene amawatapa. Kodi madzi amene sanatuluke m'tambula angayezedwe bwanji?

Mphunzitsi_Wopuma

A Nyenyezi, madziwo sawatapa ayi, ndipo nzeru yonse ya sikeloyi yagona pamenepo. Archimedes, katswiri wa masamu wachigiriki wa ku Syracuse pa chilumba cha Sicily, amene anamwalira mu 212 BC, anasonyeza kuti chinthu chikamizidwa, madzi amachikankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene chawasuntha. Choncho chinthucho chimapepuka, ndipo zimene chapepuka nazo ndiko kulemera kwa madzi aja.

Woyeza amayamba wayeza chinthu chili chouma, kenako amachikoleka pa kambedza ndi kawaya kowonda n'kuchimiza chonse popanda kukhudza pansi kapena m'mbali mwa tambula. Tiyerekeze kuti chidutswa cha siliva chalemera magalamu 210 chili chouma, koma m'madzi chalemera magalamu 190. Magalamu 20 amene asowa ndi a madzi osunthidwa, ndipo popeza galamu imodzi ya madzi imadzaza pafupifupi mililita imodzi, chidutswacho chikutenga malo a mamililita 20. Mukagawa 210 ndi 20 mupeza 10.5, kutanthauza kuti siliva amalemera kuwirikiza ka 10.5 kuposa madzi odzaza malo omwewo. Golide weniweni amapereka 19.3, motero golide wa magalamu 210 akanapepuka ndi magalamu pafupifupi 11 okha.

Kalulu_wa_Mabuku

Ndiwonjezere pa zimene a Mphunzitsi afotokoza, chifukwa maganizo oti madzi ayenera kutayika ali ndi kochokera. Vitruvius, mlembi wa ku Roma, ndi amene anasimba kuti Archimedes anagwira chinyengo cha mmisiri amene anasula chisoti chagolide cha Mfumu Hiero wa ku Syracuse mosakanizamo siliva, poyerekeza madzi osefukira. Ine ndimaikayikira njira imeneyo, ndipo masamu ake ndi awa. Chisoti cha golide yekhayekha cha kilogalamu imodzi chimasuntha madzi okwana mamililita pafupifupi 52, pamene chisoti cholemera chimodzimodzi koma chosakaniza magalamu 300 a siliva chimasuntha pafupifupi 65. M'beseni la masentimita 20 m'mimba mwake, kusiyana kwa mamililita 13 kumeneku kungakweze madzi ndi msinkhu wosafika theka la milimita, ndipo madontho otsalira pa mlomo wa beseni angathe kusokoneza zonse. Koma pa sikelo, kusiyana komweku ndi magalamu 13, amene ngakhale sikelo wamba ingapendekeke nawo moonekeratu.

Galileo, wasayansi wa ku Italy, nayenso sanakhutire ndi nkhani ya Vitruvius, ndipo mu 1586, ali ndi zaka 22, analemba kabuku kotchedwa La Bilancetta kofotokoza sikelo yake. Chimene chimandisangalatsa m'menemo ndi chakuti anakulunga waya wowonda kwambiri pa mkono wa sikelo, kuti mtunda umene mwala woyezera wasendezedwa uziwerengedwa ndi mizere ya wayayo. Ankayendetsa nsonga ya kampeni pa mizereyo, n'kumawerenga pomva ndi dzanja komanso ndi khutu. Tisaiwalenso al-Khazini, wasayansi wa ku Merv (mzinda wakale wa ku Turkmenistan wa lero), amene cha m'ma 1121 anafotokoza sikelo ya mbale zisanu, imodzi mwa izo yomira m'madzi, yozindikirira zitsulo zosakanizidwa ndi miyala yamtengo wapatali yachinyengo.

Nyenyezi77

Zikomo kwambiri nonse awiri. Koma ngati chinthu chapepuka ndi magalamu 20, kulemera kumeneko kwapita kuti? Komanso, kodi sikelo zoterezi zinali zodalirika motani?

Mphunzitsi_Wopuma

Kwapita ku tambula. Mutaikhazika tambulayo pa sikelo ina, mungaone kuti yawonjezera magalamu 20 omwewo nthawi imene chinthu chamira, ngakhale kuti chikadali cholendewera pa waya.

Kunena za kudalirika, zambiri zinkadalira kusamala kwa woyeza. Timathovu ta mpweya tikamatirira pa chinthu timachipepukitsa mopitirira, n'chifukwa chake ankagwiritsa ntchito madzi oyera ophitsidwa n'kuziziritsidwa, ndiponso ankachotsa timathovuto ndi kaburashi. Waya ankasankha wowonda zedi, chifukwa mbali yake yomira nayonso imasuntha madzi, ndipo madzi amaugwira pamalo pamene walowera. Kutentha nakonso kuli ndi mbali yake: madzi amalemera kwambiri pa madigiri 4 a Celsius, koma pa madigiri 20 mililita imodzi imalemera magalamu 0.998. Ichi ndi chifukwa chake pa sikelo ya Mohr ndi Westphal ya m'zaka za m'ma 1800, yoyezera zamadzimadzi monga mowa ndi mafuta, kagalasi komizidwa nthawi zambiri kankakhala ndi choyezera kutentha mkati mwake.

Pali malire amodzi amene kusamala sikungawachotse. Sikeloyi imangouza munthu kulemera poyerekeza ndi malo amene chinthu chikutenga, osati dzina la chitsulo. Chinthu chokhala ndi mphako yobisika chimaoneka ngati chosakanizidwa pamene ndi golide wabwino, ndipo chitsulo cha tungsten, chimene chimalemera pafupifupi mofanana ndi golide, chikakutidwa ndi golide kunja chingadutse pa sikeloyi osagwidwa.