Ndalama za chaka chino: tigule feteleza kapena tilowe m'mgwirizano ndi bungwe lija?

Wapampando (Lilongwe): Moni nonse a kwathu ku Linthipe. Komiti inakumana ndi a bungwe lija lofuna kugwira ntchito m'midzi yathu. Iwo abweretsa pampu ya sola ya kudimba, mbuzi zopatsirana ndi mlangizi wawo, kwa zaka zitatu. Ife tiikepo ndalama za makola, mapaipi ndi mayendedwe. Tikavomera, ndiye kuti feteleza uja timagula ndi ndalama zathu zosonkha n'kugawa kumudzi chaka chino kulibe. Tiyeni tikambirane, Loweruka tivota.

Bambo a Tadala (Joni): A Wapampando, ndi ulemu wonse, ine ndikukana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayi anga dzina lawo silituluka pa mndandanda wa boma wa feteleza wotsika mtengo, amadalira kathumba kathu komweka. Ndiwauze kuti chiyani, adikire mbuzi ibereke mvula itagwa kale?

Nambewe (kumudzi): Achimwene, kathumba mukukanenako tsiku logawa munakaonapo? Masiku ano thumba limodzi tikugawana mabanja angapo, kuyeza ndi chidebe pakhonde la sukulu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe timasonkha zikungochepa mphamvu. Mayi anu amathira kachigawo kakumtunda kokha, munda wonse wakumunsi chimanga chimangoti mbuu, chachikasu, kaufiti ali tho.

Bambo a Tadala (Joni): Bola pang'onopo kusiyana n'kupanda.

Malume Jere (Blantyre): Ine ndili kumbali ya Nambewe. Sabuside anayamba mu 2005 nthawi ya Bingu. Ndondomeko ina ya sabuside yotchedwa AIP itabwera mu 2020 thumba linali K4,495, pofika 2022 linali K15,000 ndipo opindula anachepa. Zaka zonsezi nthaka yathu yakhala ikumwa feteleza koma siikhuta, chifukwa mulibe chonde chogwira madzi. Ng'amba ya El Niño ya 2024, boma litalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ngakhale amene anathira matumba awiri anakolola mapesi. Feteleza sagwetsa mvula. Madzi a mu mtsinje wa Linthipe amangodutsa chilimwe chonse ife tikuwayang'ana.

Nachisale (Manchester): Amalume, zonsezo ndagwirizana nazo, koma funso langa ndi lina. Tili ana kunabwera bungwe lina ndi mapampu opalasa aja. Kunali kuvina, zithunzi, chikwangwani pamsewu. Anthu aja atapita, mphira za m'kati zitatha, panalibe wodziwa kogula zina. Pampu ya kwathu inathera kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndiye pampu ya solayi ikafa chaka chachinayi, akonze ndani, ndi ndalama zochokera kuti? Nanga ndi ya ndani, ya bungwe, ya amfumu, kapena ya alimi?

Wapampando (Lilongwe): Zimenezo m'kalata yawo mulibe, achemwali. Angolemba kuti adzapereka m'manja mwa anthu akumudzi.

Nachisale (Manchester): Ndiye poyambira ndi pomwepo. Anthu akumudzi ndi ndani? Chinthu cha aliyense chimasowa mwini tsiku lomwe chawonongeka.

Nambewe (kumudzi): Apa amayi a banki nkhonde angathandize. Gulu lathu limakumana sabata iliyonse, bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi amasunga anthu atatu osiyana, ndipo mabuku athu ndi olongosoka kuposa a makomiti ambiri. Aliyense wothirira ndi pampuyo azipereka kangachepe akagulitsa tomato, anyezi kapena kachewere pamsewu wa M1, zizilowa m'thumba lapadera lokonzera. Achinyamata awiri aphunzitsidwe kumasula ndi kumanga pampuyo bungwe lisanachoke, osati wotikonzera azichokera ku Lilongwe ife tizimulipirira mafuta. Ndipo mapanelo pafunika mlonda, akuba sagona.

Phiri wamng'ono (Kasungu): Ine nkhawa yanga ndi mbuziyo. Tikudziwana. Mndandanda ukalembedwera m'nyumba usiku, mudzapeza olandira onse ndi a banja limodzi. Komanso wina ikangobereka adzati mwana wajiwa ndi fisi pomwe wagulitsa kwa okazinga kanyenya.

Malume Jere (Blantyre): Njira yopatsirana siyachilendo, a Heifer International akhala akuichita m'mayiko ambiri kuphatikizapo kuno. Imayenda pamene wolandira wachiwiri akudziwika kuyambira tsiku loyamba. Ameneyo ndiye mlonda weniweni, tsiku lililonse amasuzumira m'khola kuona ngati mbuzi yake yatenga bere. Bere la mbuzi ndi miyezi isanu yokha. Maina atchulidwe pabwalo, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi amfumu ali pomwepo, ndipo mlangizi wa boma asaine nawo, chifukwa iye adzatsala bungwe litapita. Khola likhale lam'mwamba kuti zitosi zizigwera pansi. Kwa ine phindu lalikulu la mbuzi ndi manyowawo, nyama ndi yachiwiri.

Bambo a Tadala (Joni): Zokoma zonsezo, koma simunandiyankhe. Dzinja lino anthu athira chiyani?

Nambewe (kumudzi): Manyowa a Mbeya, achimwene. Feteleza makilogalamu 10, kusakaniza ndi madeya, phulusa, ndowe zopunthapuntha ndi madzi pang'ono, kuika m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kumanga zolimba, kudikira masiku 21. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limatulutsa matumba asanu. Ukamasula, fungo lake limakulowa m'maso mpaka misozi. Sindinama kuti ndi wofanana ndi feteleza weniweni thumba kwa thumba, koma amafika munda wonse ndipo nthaka imasungako chinyontho. Vuto ndi madeya, chaka cha njala anthu amadya okha, ena amaphikira kachasu.

Bambo a Tadala (Joni): Ndiye feteleza akufunikabe. Mwaona?

Msungichuma (Zomba): Akufunikadi, koma wochepa. Maganizo anga ndi awa: gawo limodzi mwa magawo atatu tigulire feteleza wa Mbeya, apite kwa okalamba ndi amasiye okha, ndipo apangire pamodzi pagulu kuti wina asakagulitse kwa mavenda. Zotsalazo zipite ku mgwirizanowu, koma tisazipereke nthawi imodzi. Makola akamangidwa tiona, kenako tipereka za mapaipi. Malisiti onse aziikidwa pagulu pano.

Nachisale (Manchester): Ndivota nawo ngati kalatayo ilembedwenso. Ilembe kuti pampu ndi ya kalabu ya alimi, malo a kudimba mwiniwake wavomera polemba amfumu akuchitira umboni, ndipo bungwe litiuza sitolo yopezekako zipangizo zake m'Malawi muno. Akakana zimenezi, ndalama zathu zisatuluke.

Phiri wamng'ono (Kasungu): Muonjezepo chindapusa cha mbuzi yolowa m'dimba la mnzake. Milandu imeneyo idzachuluka kuposa mbuzizo.

Bambo a Tadala (Joni): Ine mtima sunakhazikikebe, koma ngati mayi anga ali pa mndandanda wa Mbeya sinditsekereza. Nambewe, mawa muwapitire, muwafotokozere nokha. Ine ndikaimba foni amangoti zonse zili bwino.

Wapampando (Lilongwe): Zikomo nonse. Lachinayi ndikumana nawonso a bungwe, ndiwapatsa mfundo za Nachisale ndi Nambewe. Yankho lawo ndiliika pano tisanavote. Amene simunamalize zopereka za mwezi watha, msungichuma akudikira.