Ma docs (malangizo olembedwa) a pulojekiti yathu tiwaike pati?

kachere_dev:
Abale ndithandizeni maganizo. Tilipo anthu 6 tikupanga kapulogalamu kolembera ndalama za banki mkhonde, code yonse ili pa GitHub, webusaiti yosungirapo code. Vuto ndi malangizo a kagwiritsidwe ntchito, ena ali mu README (fayilo yofotokoza pulojekiti), ena mu Google Docs, ena anakwiririka pa gulu la WhatsApp moti watsopano akafunsa kuti ndiika bwanji pa kompyuta yanga timachita kufufuza mauthenga a chaka chatha. Ndimaganiza zongotsegula wiki ya GitHub (masamba olembapo malangizo) poti ndiyosavuta. Tikufunanso zikhale mu Chingerezi ndi Chichewa chifukwa alembi ambiri a magulu amamasuka ndi Chichewa.

mbewa_ya_linux:
Wikiyo isiyeni achimwene. Imakhala payokha kunja kwa code ndipo ilibe pull request (njira yopempha anzako aone zomwe wasintha zisanalowe), ndiye wina akasintha kanthu palibe amene amayamba waona. Ife zinatipweteka, tinasintha malowedwe mu pulogalamu koma tsamba la wiki linakhala miyezi likuuza anthu zakale. Pangani foda ya docs momwemo muli code, muzilemba mu Markdown (kalembedwe kosavuta ka zizindikiro zochepa), pulogalamu ya MkDocs izipanga webusaiti. Kafayilo kamodzi ka mkdocs.yml basi, kenako muiike pa intaneti ndi GitHub Pages kwaulere, wosintha code azisintha malangizo pa pull request yomweyo.

nachisale_py:
Za foda ya docs ndikugwirizana nazo koma poti mwatchula zomasulira ine ndingasankhe Sphinx m'malo mwa MkDocs, ndi pulogalamu yomwe amalembera malangizo a Python. Imatulutsa ndime iliyonse mu mafayilo omasuliramo a .po, womasulira amangoona Chingerezi uku iye nkulemba Chichewa uku pa webusaiti yomasulirapo ya Weblate osakhudza git (chida chosungira zosintha za code) nkomwe, ndipo mukasintha ndime imodzi imaonetsa kuti iyi yokha ndiyo ikufunika kumasuliranso. Mukamasunga mafoda awiri, ya Chingerezi ndi ya Chichewa, pamanja tsiku lina mudzapeza Chichewa chatsalira kutali. reStructuredText, kalembedwe ka Sphinx, isakuopseni, ikani chowonjezera cha MyST muzilembabe Markdown. Read the Docs, webusaiti yoikapo malangizo, ndi yaulere kwa mapulojekiti a open source komanso imakupangirani PDF, imeneyo mlembi atha kuisunga pa foni nkumawerenga bandulo itatha.

kachere_dev:
Eeh za PDF zandifika pamtima mchemwali, kumene amayi a banki mkhonde amasonkhana netiweki imavuta kwambiri. Pulogalamu ina ya malangizo, Docusaurus, ndinaiyang'anako koma React ndi Node zomwe imadalira pagulu pathu amadziwa ndi mmodzi yekha. Loweruka lino ndiyesa Sphinx ndi tsamba la kaikidwe kaye, ndikakanika pa ma .po ndibweranso.