Database imodzi, ma notebook awiri m'matabu osiyana: zitheka bwanji?

Wofunsa:
Akuluakulu, thandizeni. Ma notebook awiri a JupyterLite (Jupyter yoyenda mu browser momwemo), iliyonse m'tabu yakeyake, ikufunika kuwerenga ndi kulemba m'fayilo imodzi ya SQLite yomwe ili mu OPFS (Origin Private File System, malo osungira mafayilo a website mkati mwa browser). Yoyamba imatsegula bwinobwino, koma yachiwiri imagwa ndi NoModificationAllowedError. Kodi SharedWorker, worker (script yoyenda kumbuyo kwa tsamba) imodzi yomwe matabu angapo amagawana, ingathetse vutoli?

Woyankha woyamba:
Payokha singathe ayi. createSyncAccessHandle(), yomwe imatsegula fayilo mu OPFS, imagwira fayilo yonse mpaka mutaitana close(), ndipo imapezeka mu dedicated worker (worker ya tabu imodzi) mokha, mu SharedWorker mulibe. Kernel iliyonse (yoyendetsa code ya notebook) ili mu worker yake, ndiye ziwirizo zikungolimbirana fayilo imodzi.

Musankhe tabu imodzi ikhale mwini wa database. Tabu iliyonse iitane navigator.locks.request("db"). Yomwe yapeza loko iyambitse worker, itsegule database, ndipo callback yake ibweze Promise yosatha kuti loko isamasuke. Zinazo zizidikira pamzere. Ntchito ya SharedWorker ingokhala yolumikiza: kutenga MessagePort (njira yotumizirana mauthenga) ya tabu yofunsa n'kuipereka kwa mwiniyo. BroadcastChannel, yotumiza uthenga ku matabu onse, singanyamule port, muigwiritse ntchito pongolengeza kuti mwini wasintha.

Woyankha wachiwiri:
Zimenezo n'zoona, koma pomwe ambiri amapunthwa ndi pamene tabu ya mwini yatsekedwa. Browser imamasula loko yokha, yotsatira pamzere n'kulowa m'malo, koma ma query omwe anali panjira amatayika osayankhidwa. Query iliyonse muipatse nambala yake komanso malire a nthawi yodikira. SELECT mutha kuibwereza mosaopa. INSERT musamangoibwereza mwachisawawa, chifukwa mwina inalembedwa kale, yankho lokha ndiye silinafike. Nambala ija muiike mu column ya UNIQUE kuti mzere usalowe kawiri.

Chinanso, onse akudutsira connection imodzi. Notebook ina ikatumiza BEGIN, inzake n'kutumiza UPDATE pakati pomwepo, UPDATE-yo yalowa mu transaction ya notebook yoyamba ija, ndipo ROLLBACK ikabwera ipita nayo limodzi. Transaction yonse muzitumiza mu uthenga umodzi.

Woyankha wachitatu:
Onetsetsaninso origin, kutanthauza protocol, host ndi port za adiresi ya tsamba. localhost:8000 ndi localhost:8888 sizigawana loko, worker kapena OPFS, ngakhale zili pa kompyuta imodzi. Safari inabwezeretsa SharedWorker mu version 16, chaka cha 2022, choncho yambani mwafunsa ngati browser ili nayo. Zotsatira zikakhala zazikulu, ikani ArrayBuffer mu transfer list ya postMessage m'malo moikopera, koma dziwani kuti kwa wotumizayo imatsala yopanda kanthu.