Mwana wobadwa wopanda potulukira chimbudzi: ndalama za opaleshoni zichokere kuti?

Wofunsa: Abale, mwana wa miyezi 4 anabadwa wopanda potulukira chimbudzi. Anamuboola pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo, ndipo akuti kwatsala maopaleshoni ena. Makolo akufuna kugulitsa munda. Zimafuna ndalama zingati, nanga thandizo lingapezeke kuti?

Yankho 1: Munda asagulitse chonde. M'zipatala za boma opaleshoniyi salipiritsa. Imachitika ku Mercy James Centre pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 2017, komanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Atenge kalata yowatumiza kuchokera kuchipatala chachikulu cha m'boma lawo, pamodzi ndi buku la mwana. Chimadya ndalama ndi thiransipoti ya maulendo angapo, chakudya cha wodikirira, sopo ndi matewera.

Yankho 2: Awerengere bwino maulendowo, chifukwa nthawi zambiri maopaleshoni amakhala atatu. Yoboola pamimba yachitika kale. Yachiwiri ndi yokonza njira ya chimbudzi kumatako, yachitatu yotseka pamimba paja.

Pakati pa ziwirizi ndi pomwe zinthu zimalakwika. Pakapita milungu iwiri njira itakonzedwa, makolo amaphunzitsidwa kulowetsa kachitsulo kotchedwa Hegar m'njira yatsopanoyo kawiri pa tsiku kuti isathine, n'kumaonjezera kukula kwake monga adokotala anenera. Mwana amalira, mayi amamva chisoni n'kusiya, chilonda chimauma mothina, ndiye opaleshoni yotseka imalephereka. Asadumphitse tsiku. Afunsenso ngati mtima, impso ndi msana anaziunika, poti vutoli limabwera ndi anzake.

Yankho 3: Ndionjezere za kunyumba. Mwana wochepa sikelo kapena magazi amamubweza, ulendo n'kupita pachabe, choncho ayamwe mokwanira. Khungu lozungulira bowo la pamimba limasupuka ndi chimbudzi: atsuke ndi madzi ofunda, aumitse, apake zinc oxide kapena Vaseline. Timatumba tolandirira chimbudzi tikasowa, nsalu zofewa zochapidwa bwino zimagwira ntchito. Akatsekula m'mimba, Thanzi ORS msanga. Thumbo likatuluka kwambiri pabowopo kapena likada, kapena mwana akasanza zobiriwira, athamangire kuchipatala ngakhale usiku.

Za ndalamazo, apemphe kalata ya adokotala yofotokoza matendawa, apite nayo ku ofesi ya Social Welfare ndi kumpingo kapena kumzikiti. Zopereka zidzere pa nambala imodzi ya Mpamba kapena Airtel Money ya kholo, ndipo zonse zilembedwe. Chithunzi cha bowo la mwana asachiike pa Facebook, kalatayo ndi yokwanira.