Seti ya galu ya K480: ndigule kapena ndikungotaya ndalama?

Mlamu_wa_Nabvutika: Muli bwanji nonse. Alamu anga anawasamutsira ku Ndola ndipo anandisiyira galu wawo, Simba, wa zaka ngati ziwiri. Vuto n'loti sakundizolowera. Ndikamuitana amapinda mchira n'kukabisala kuseri kwa thanki. Chakudya amadya ine nditachokapo. Ndaona wina pa Facebook akugulitsa seti: kalamba kovala pachifuwa kaja amati harness, chingwe chake, kampira ndi paketi ya timabisiketi tophunzitsira galu, zonse K480. Akuti mukamayenda naye ndi kum'patsa timabisiketito, sabata imodzi yokha amakhala mnzanu. Amene munagulapo, n'zoona? Ndikufuna galuyu akhale wanga ndithu.

AmakeTamanda: Musayerekeze achimwene! Ine mtima ukadawawa mpaka lero. Ndinatumiza K350 pafoni kwa mnyamata wina wa ku Lusaka, nanenso ndinaona pa Facebook pomwepo. Pachithunzi inali harness yachikopa, yokhuthala bwino. Katundu wafika pa basi, ndatsegula pulasitiki, ndapeza tizingwe ta nailoni tokwana mphaka. Galu wanga mutu wokha sunalowe. Ndinamuimbira, akuti "amai munalakwitsa saizi ndinu." Mawa lake nambala yosapezeka. Ndalama ya tomato yonse inapita choncho. Mulungu amuone ameneyo.

Boerboel_Kalongwezi: K480 ndi ndalama yoti mpaka mufunse pagulu? Wanga harness yake inachokera ku Johannesburg, yoposa K1,200, ndipo chakudya amadya cha m'thumba chokha, nsima saidziwa. Ndikangoimitsa galimoto pageti amadziwa kulira kwa injini. Galu wabwino amafuna ndalama, amene sangakwanitse awete nkhuku.

Chadiza1: Ndiye kuti galu wanuyo akukonda inu kapena injini?

Boerboel_Kalongwezi: Nsanje basi.

MwanaWaKapata: Akulu, K480 imeneyo ndi thumba la ufa wa breakfast ndi chenji yogulira makala. Pitani pa salaula ku msika wa Kapata ku Chipata, sankhani chikwama chakutha chokhala ndi lamba wolimba ndi kachitsulo kokolowekera, muchotse lambayo. Kenaka mupite naye kwa osoka nsapato, mutapima kale chifuwa cha galu ndi kachingwe. Amakusokerani pomwepo mukuona. Ine zonse zinandidyera K40, ndipo papita chaka osaduka. Mpira ana a pakhomo akupangirani wa mapepala.

Gogo_wa_kuMkaika: Ana inu mukundidabwitsa. Atate anga anali ndi agalu anayi osakira akalulu, palibe ndi mmodzi yemwe anavalapo lamba. Akangotenga nkhwangwa ndi chibonga, likhweru limodzi, onse ali pambuyo. Chinsinsi chake chinali chakuti makoko a nsima ankawapatsa okha ndi dzanja lawo, ndipo akapha kalulu matumbo anali a agalu. Mwana akaponyera galu mwala, wokwapulidwa anali mwanayo. Galu amatsata dzanja lomudyetsa ndi phazi loyenda naye.

Chadiza1: Agogo kumudzi kulibe magalimoto. Mumusiye galu wopanda chingwe pa Great East Road muone.

Mlamu_wa_Nabvutika: Zikomo agogo. Koma nanga dzanjalo ndim'patsa bwanji poti akundithawa?

Sisi_wa_Ziweto: Achimwene, galu wanu sakukudani, ali ndi mantha komanso akusowa mwini wake. Galu wamkulu akasintha khomo zimatenga masabata, nthawi zina miyezi, ndiye za sabata imodzizo ndi mawu a wamalonda. Yambani chonchi. Nthawi ya chakudya ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo muzim'patsa inuyo, osatuma ana. Mukaika mbale, khalani pansi chapatali, cham'mbali, osamuyang'ana m'maso, pakuti kwa galu kuyang'anitsitsa ndi kuopseza. Mawa sunthirani pafupi pang'ono. Musamukoke kuseri kwa thankiko, kumeneko ndiye komwe akumva kuti n'kotetezeka. Akayamba kubwera yekha, mulekeni anunkhize dzanja, ndipo mumukande pachifuwa kapena pansi pa khosi, osati kutsitsa dzanja pamutu kuchokera kumwamba. Agalu amene anamenyedwapo amaona ngati mbama ikubwera.

Timabisiketito si mankhwala. Tizidutswa ta chiwindi chowiritsa kapena kapenta wotsuka mchere amachita ntchito yomweyo. Mukamuitana dzina n'kutembenuka, m'patseni nthawi yomweyo, osachedwa, kuti adziwe chimene walandirira. Ndipo chonde musamuitane kuti mudzam'kalipire, mawa sadzabweranso. Anyezi, chokoleti ndi mafupa a nkhuku ophika ayi: ziwiri zoyambazo ndi poizoni kwa galu, mafupawo amasweka mosongoka n'kubaya m'mimba.

Harness yokha ndingaivomere, makamaka kwa galu wamantha. Lamba wa pakhosi amam'tsamwitsa akamakoka, ndipo akadzidzimuka ndi njinga yamoto amatha kuvula n'kuthawa. Koma gulani yoti mwaigwira ndi manja, ndipo akavala zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi thupi. Kuyenda naye kukhale m'mawa kapena madzulo. Dzuwa la Okutobala phula limawotcha mapazi ake, ikani kuseri kwa dzanja lanu pamsewu muone ngati mungapirire.

Boerboel_Kalongwezi: Kapenta? Galu wanga sanganunkhize n'komwe.

Mchini_Boyz: Zonsezi mukumuwononga galu. Galu ndi mlonda, osati mkazi wanu. Mangirirani pa tcheni usana wonse, usiku mumasule. Ena amasakaniza mavu m'chakudya kuti aluse. Mukamunyengerera adzagwedezera mchira akuba.

Sisi_wa_Ziweto: Ayi achimwene, zimenezo n'kuzunza chiweto. Galu wokhalira pa tcheni salusira akuba okha, tsiku lina adzaluma mwana wa aneba kapena wanu yemwe. Amene amakonda pakhomo ndi amene amauwa kwambiri mlendo akafika usiku. Ndipo poti tanena zoluma: a Mlamu, funsani ku Ndola ngati Simba ali ndi khadi la katemera wa chiwewe. Ngati palibe, ndalama yoyamba ipite ku ofesi ya vetenale, katemerayu amayamba galu ali ndi miyezi 3 ndipo amabwerezedwa. Chiwewe chikaonekera pa munthu sichichizika. Wina akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala. Pa 28 Seputembala ndi tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, muzitchera khutu nthawi imeneyo. Mutengeretu mankhwala a njoka zam'mimba ndi a nkhupakupa. Galu amene thupi likumuyabwa safuna kugwidwa.

AmakeTamanda: Ine ndikungoti musatumize ndalama katundu musanamuone. Nambala ya wanuyo ikuthera manambala ati? Mwina ndi yemweyo.

Mwami_Transporter: Zinthu zimenezi ku Lilongwe n'zotchipa, kwacha yathu ili ndi mphamvu uko. Ndimadutsa pa boda ya Mwami kawirikawiri, tumeni ine.

MwanaWaKapata: Kuphatikiza ya mayendedwe ndi yanu ya sopo ifika K480 yomweyo.

Mlamu_wa_Nabvutika: Alamu ayankha, akuti khadi linasowa posamuka. Ndiyamba ndi katemera. Za seti ndikuganizabe, kampira kandisangalatsa. Wogulitsa uja watsitsa, akuti K420 ngati nditenge lero.

Chadiza1: Akatsitsa msanga choncho dziwani kuti ndi ya K200.

AmakeTamanda: A MwanaWaKapata, wosoka wanuyo amakhala mbali iti? Ndapita dzulo, amene ndam'peza akufuna K90 kusoka kokha, lamba ndibwere naye ndekha.